Kusintha nokha solenoidi ya VVT-i: mafunso ndi mayankho

Mukatsegula boneti ya Vitz, Sienta, Probox, Ractis kapena Corolla Axio, pa chivindikiro cha injini zambiri mumapeza palembedwa VVT-i. Ambiri timangowerenga n'kupitirira. Timayamba kufunsa tsiku limene nyali ya check engine yayaka, galimoto yayamba kunjenjemera pamaloboti, ndipo wakugalaja watiuza kuti, "Bwana, solenoidi yapita." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mwini galimoto amakhala nawo akamva mawu amenewa, makamaka amene ali ndi masipanala ake ndipo akufuna kuigwira yekha ntchitoyo.

Kodi solenoidi imeneyi ndi chiyani, ndipo imagwira ntchito yanji?

Mu silinda iliyonse ya injini muli mavavu olowetsa mpweya ndi ena otulutsa utsi. Chimene chimawatsegula ndi camshaft, ndodo yachitsulo yokhala ndi manundu, yomwe imazungulitsidwa ndi tcheni kapena lamba kuchokera ku crankshaft. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Pa injini zakale, nthawi yotsegulira mavavu inali imodzi basi, kaya galimoto yangoima ikulira, kaya ikukwera chitunda cha Chiweta italemedwa ndi katundu. Opanga ankasankha nthawi yapakatikati, ndipo injini inkataya mphamvu kwina, petulo kwina.

Pofuna kuthetsa zimenezi, anapanga giya ya camshaft yokhala ndi tizipinda mkati. Oyilo akakankhidwira ku tizipinda ta mbali imodzi, camshaft imapotokera kutsogolo pang'ono ndipo mavavu amafulumira kutseguka. Akakankhidwira mbali inayo, imabwerera. Solenoidi ndiye mlonda wa pachipata cha oyiloyo. Mkati mwake muli koyilo ya waya, kandodo kotsetsereka kokhala ndi mizere, ndi sipuling'i. Kompyuta boksi imawerenga sensa ya crankshaft ndi ya camshaft, imaona liwiro la injini ndi mmene mwapondera moto, kenako imatumiza magetsi oduladula ku koyilo ija. Kandodo kamasuntha, njira ya oyilo imatseguka kapena kutsekeka. Magetsi akachoka, sipuling'i imakabweza pamalo pake.

Luso limeneli si la dzulo. Alfa Romeo inaliika m'galimoto yogulitsa mu 1980, BMW inatulutsa VANOS mu 1992, ndipo Toyota inayamba VVT-i mu 1995. Nissan imalitcha CVTC, Mazda imati S-VT. M'mabuku a Toyota kachipangizoka kamalembedwa kuti oil control valve kapena OCV, ndipo ogulitsa masipeya ena amakadziwa ndi dzina limeneli. VTEC ya Honda, imene inayamba mu 1989, ndi yosiyanako: solenoidi yake imachititsa kuti mavavu asinthe nundu limene akutsatira, choncho zimene zafotokozedwa pano sizikugwirizana nayo zonse.

Ndingadziwe bwanji kuti yayamba kuvuta?

Zimadalira pamene kandodo kaja kakakamira. Kakakakamira mbali yofulumiza mavavu, injini imanjenjemera galimoto ikaima, nthawi zina imazima ndithu, chifukwa vavu yolowetsa mpweya imatseguka yotulutsa utsi isanatseke ndipo utsi umabwerera mu silinda. Kakakakamira mbali inayo, injini imalira bwinobwino galimoto ili chiimire, koma mukati mupitirire lole kapena mukwere phiri mumamva kuti yafooka, ndipo petulo akutha msanga kuposa kale. Chizindikiro china ndi oyilo wonyowetsa pamene solenoidi yalowera mu mutu wa injini, kapena oyilo wopezeka mkati mwa pulagi ya mawaya ake.

Koma pano ndichenjeze. Zizindikiro zonsezi, kupatula kudontha kwa oyilo, zimabweranso ndi ma spark plug otha, koyilo yoyatsira moto yofooka, throttle yakuda, kapena sensa yoyeza mpweya yodzaza fumbi. Munthu amene wangomvetsera injini ndi khutu n'kunena kuti ndi solenoidi, akungoganizira.

Makina a diagnosis asonyeza P0011. Si ndiye kuti ndikagule yatsopano?

Ayi, musathamange. Apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimatayikira, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono.

Khodi sinena kuti chipangizo chakuti chafa. Imangonena chimene kompyuta yaona. P0010 imatanthauza kuti pali vuto pa njira ya magetsi opita ku solenoidi ya mbali yolowetsa mpweya: koyilo yaduka mkati, waya waduka kapena wakhudzana ndi chitsulo, kapena pulagi sinalowe bwino. Pamenepa solenoidi imakayikiridwa kwambiri, ngakhale makoswe nawonso amadziwika ndi kutafuna mawaya a galimoto yogona panja. P0013 ndi vuto lomwelo koma kumbali yotulutsa utsi.

P0011 ndi P0012 ndi nkhani ina. Izi zikunena kuti kompyuta inalamula camshaft kupita pena pake, koma sensa yaona kuti siinafike. Pa P0011 yatsogola mopitirira kapena siikumvera, pa P0012 yatsalira. Tsono funso ndi lakuti, n'chiyani chingailepheretse kumvera? Solenoidi yokakamira ndi chimodzi chabe. Oyilo akachepa mu injini, mphamvu yokankha imachepa. Oyilo akada n'kusanduka phala, tinjira timatsekeka. Kasefa kakang'ono kamene kali pa njira yopita ku solenoidi kakadzaza zinyalala, oyilo safika. Giya ya camshaft ija ikatha mkati, imadontheza oyilo ndipo siigwira. Pampu ya oyilo ikafooka, zotsatira zake ndi zomwezo. Pa zonsezi mutha kuika solenoidi yatsopano yodula, nyali n'kuyakanso mawa lake.

Toyota zakale zimapereka makhodi awoawo: P1656 ndi ya magetsi a solenoidi, P1349 ndi ya kusamvera kwa camshaft. Mukaona P0016, imene imanena kuti crankshaft ndi camshaft sizikuyendera limodzi, ganizirani za tcheni chotanuka kapena chodumpha dzino, ndipo imeneyo si ntchito ya pansi pa mtengo wa mango ndi sipanala imodzi.

Chinthu chinanso: magalimoto athu ambiri anapangidwira msika wa ku Japan komweko, ndipo ena akale salumikizana ndi timakina totchipa tolowetsa pansi pa chiwongolero n'kuwerengera pa foni. Kamakina kanu kakakana, sizitanthauza kuti mulibe khodi. Pitani kwa amene ali ndi makina oyenera, muwalipire yowerengera yokha, ndipo khodiyo muilembe papepala musanalole kuti aifufute.

Nanga ndingaiyese bwanji ndisanawononge ndalama?

Yambani ndi chinthu chaulere. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, zimitsani injini, dikirani mphindi zingapo, solani dipstick muone mlingo wa oyilo ndi mtundu wake. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo, muunikemo ndi tochi. Mukaona zitsulo zoyera kapena zachikasu pang'ono, zili bwino. Mukaona zakuda zomatirira ngati phula, mwapeza gwero la vutolo. Ngati oyilo ndi wochepa kapena wakhalitsa, sinthani oyilo ndi fyuluta, fufutani khodi, yendani masiku angapo. Magalimoto ena amachira pomwepa.

Khodi ikabwerera, tengani multimeter, muiike poyeza ma ohm, zulani pulagi ya solenoidi, mugunditse nsonga ziwiri za multimeter pa timapini take tiwiri. Pa injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5 imene ili mu Sienta yoyamba, Probox, IST ndi Axio zambiri, buku la Toyota limati mupeze pakati pa ma ohm 6.9 ndi 7.9 kukamatentha madigiri 20. Injini ikakhala yotentha nambala imakwerako, choncho yezani itazizira. Multimeter ikapanda kuwerenga kanthu, koyilo yaduka. Ikawerenga pafupi ndi ziro, mawaya a koyilo agundana mkati. Zonse ziwiri zikutanthauza kuti solenoidi yafadi. Injini zina zili ndi manambala awo, musagwiritse ntchito awa pa Nissan kapena Mazda.

Kuyesa kwachiwiri kumachitika mutaitulutsa. Lumikizani mawaya awiri ku batire la galimoto, mugunditse pa timapini tija kwa kanthawi kochepa kwambiri, mukusamala kuti mawayawo asakhudzane. Yang'anani m'timabowo ta m'mbali: kandodo kayenera kudumpha msanga mpaka kumapeto, ndipo mukachotsa waya kabwerere nthawi yomweyo. Kumva phokoso loti "ke" sikokwanira. Kandodo kakhoza kumveka koma kakuyenda theka la njira, kapena kakubwerera mozengereza. Muzione ndi maso.

Ntchito yosinthayo imayenda bwanji?

Pa injini zambiri zing'onozing'ono za Toyota ndi ntchito yopepuka, yosafika ola limodzi zinthu zikayenda bwino. Mufunika soketi ya 10 ndi chogwirira chake, pulayala, nsanza zoyera zosathothoka ulusi, ndi oyilo watsopano pang'ono.

Dikirani injini izizire. Masulani waya wa negative pa batire, podziwa kuti wotchi ndi wailesi zidzafuna kukonzedwanso. Chotsani chivindikiro chapulasitiki cha pamwamba pa injini. Solenoidi muipeza pa mutu wa injini, kumapeto kumene kuli tcheni, ndiko kuti mbali imene kuli lamba wa alternator. Imaoneka ngati kachitini kakang'ono kachitsulo kokhala ndi pulagi ya mawaya awiri, ndipo yamangidwa ndi bawuti imodzi. Ijambuleni ndi foni musanakhudze chilichonse.

Musanamasule, pukutani malo onse ozungulira. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa cha fumbi la kwathu kuno: bowo limene mukufuna kutsegula likulowa molunjika mu njira ya oyilo, ndipo kamchenga kamodzi kakagweramo kakhoza kukakamiza solenoidi yatsopanoyo. Dinani kaloko ka pulagi n'kuikoka pogwira pulagiyo, osati mawaya. Pulasitiki imene yaphikidwa ndi kutentha kwa injini zaka khumi kapena kuposerapo imathetheka msanga, choncho chitani mofatsa. Masulani bawuti, muigwire bwino isagwere pansi pa injini. Kenako gwirani thupi lachitsulo la solenoidi, muipotoze uku ndi uku mpaka imasuke, ndiye muikoke molunjika. Oyilo pang'ono atuluka, ikanipo nsanza.

Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi muzifanizire: kutalika, malo a timabowo, kapangidwe ka pulagi, ndi mbali imene khutu la bawuti layang'ana. Onetsetsani kuti kamphete kamphira ka yakale, kamene amakaniko amati O-ring, katuluka nayo. Pakani oyilo watsopano pa kamphete ka yatsopano, muilowetse ndi dzanja mpaka ikhale pansi yokha. Musaikokere mkati ndi bawuti, ndipo musaimenye ndi hamala. Silikoni musapakepo, chifukwa zidutswa zake zikalowa mu njira ya oyilo mwadzipangira vuto lina.

Bawuti yake ndi yaing'ono ndipo imalowa mu aluminiyamu. Pa injini zoterezi imamangidwa mosafika 10 N·m, kumene kuli kulimbitsa kwa dzanja limodzi mutagwira pafupi ndi mutu wa sipanala. Anthu ozolowera kumanga mateyala amaipotokola kapena kuwononga mazinga. Bwezerani pulagi mpaka imveke kuti yakola, lumikizani batire, lizani injini, muyang'ane ngati pakudontha. Poyamba injini ikhoza kulira mosakhazikika chifukwa kompyuta yaiwala zimene inazolowera, koma zimatha mukayenda. Musafulumire kukondwa pa ulendo woyamba: makhodi ena amayatsa nyali kompyuta ikaona vutolo pa maulendo awiri otsatizana.

Ikakana kutuluka nditani?

Apa ndi pamene ntchito ya theka la ola imasanduka ya tsiku lonse. Pa injini imene yakhala ndi oyilo wakuda, kamphete kaja kamauma ndipo thupi la solenoidi limamatirira m'bowo. Munthu akalowetsa screwdriver n'kutukula mwamphamvu, mutu wa solenoidi umathothoka, chubu chake n'kutsalira mkati.

Kuti zisafike pamenepo, thirani mankhwala omasulira dzimbiri m'mbali mwake, dikirani, mupotoze pang'onopang'ono ndi pulayala mutagwira chitsulo. Nthawi zina zimathandiza kuliza injini mphindi zochepa kuti ifunde, osati kutentha, chifukwa aluminiyamu akafunda amafutukuka. Potozani kaye, kukoka kubwere pambuyo.

Ikathyokabe, imani. Kuboola ndi dirilo pamenepo kumagwetsera tizidutswa tachitsulo mu njira ya oyilo, ndipo bowo likakandika lidzadontha mpaka kalekale. Tsekani bowolo ndi nsanza yoyera, injini musailize, itanani makaniko amene anaitulutsapo yotere. Palibe chamanyazi pamenepa. Mtengo womuitanira ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mutu wa injini.

Kodi kungoitsuka sikungakwane?

Nthawi zambiri kumakwana, ngati koyilo yayeza bwino ndipo vuto ndi litsiro lokha. Fayirani brake cleaner m'timabowo ta mbali yolowa mu injini, dikirani iume, mugunditse batire kangapo kuti kandodo kagwedezeke, mufayirenso mpaka zotuluka zikhale zoyera. Dikirani iume musanagunditsenso mawaya, pakuti mankhwalawa amayaka moto. Mbali ya magetsi musaiviike m'chilichonse. Kamphete kamphira kasintheni ndithu, n'kotchipa. Koma ngati oyilo akutulukira mu pulagi, kapena kandodo kakadali kozengereza mutatsuka, gulani ina.

Musaiwale kasefa kaja. Pa 1NZ-FE kali kuseri kwa bawuti yakeyake pa mutu wa injini, pafupi ndi solenoidi, ndipo pa magalimoto ena alternator imatchinga moti muyenera kuisuntha kaye. Pa injini zina kasefa kamakhala pa thupi la solenoidi penipeni. Pali amakaniko ena amene akakapeza kotsekeka amangokataya n'kutseka popanda kanthu. Galimoto imachoka pagalaja ili bwino, mwiniwake n'kuthokoza, koma kuyambira tsiku limenelo zinyalala zonse zikupita ku solenoidi ndi ku giya. Musalole zimenezo. Katsukeni, kapena kasintheni ngati kabooka.

Pogula ndisamale chiyani?

Musagule pongotchula dzina la galimoto. Sienta yoyamba ili ndi 1NZ-FE, pamene Sienta zambiri za petulo zotuluka pakati pa 2015 ndi 2022 zili ndi 2NR-FKE, imene camshaft yake yolowetsa mpweya imasunthidwa ndi mota yamagetsi, luso lotchedwa VVT-iE, osati ndi oyilo. Tengani nambala ya chassis ndi dzina la injini zolembedwa pa kachitsulo ka galimoto, ndipo ngati n'kotheka nyamulani solenoidi yakaleyo.

Dziwaninso kuti ndi zingati. 1NZ-FE, 2NZ-FE ndi 1KR-FE ya masilinda atatu ya mu Passo ndi Vitz zili ndi imodzi. Injini za Dual VVT-i, monga 2ZR-FE ndi 1NR-FE, zili ndi ziwiri. V6 ya mu Mark X ili ndi zinayi, ziwiri mbali iliyonse, ndipo khodi ndiyo imakuuzani mbali yake. Ya kolowera mpweya ndi ya kotulukira utsi zimatha kufanana maonekedwe koma manambala ake n'kusiyana.

Pa za mtundu, maganizo anga ndi awa: ndi bwino kugula yeniyeni yochotsedwa pa injini ina yaukhondo kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina yotchipa modabwitsa. Zopanda dzinazo zimatha kulowa bwinobwino m'bowo koma kandodo kake n'kumadontheza oyilo m'mbali, khodi n'kubwerera. Mukamapita kokagula yogwirapo kale ntchito, kaya ku Ndirande kaya ku Malangalanga, tengani multimeter muyezere pomwepo, ndipo mugwirizane kuti ikakana mudzabweza.

Galimoto yanga imachita phokoso la "kwererere" ndikangoiliza m'mawa. Ndi solenoidi?

Kawirikawiri ayi. Mu giya ya camshaft muli kapini kamene kamaigwira injini ikazima, mpaka oyilo atafika. Kapiniko kakatha, giya imagwedera kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Tcheni chotha ndi chokungira chake chofooka zimachitanso phokoso lofanana. Kusintha solenoidi sikuthetsa zimenezi.

Kodi ndingapitirize kuyendetsa ndisanakonze?

Ngati yayaka ndi nyali yachikasu yokha, oyilo ali pamlingo, ndipo injini siikuzima, mutha kufika kunyumba kapena kugalaja. Kukhala nayo miyezi ndiye kutaya petulo, ndipo galimoto yozima yokha pamphambano ndi ngozi. Nyali ya check engine ikamaphethira, injini ikuphonya moto, musaikakamize. Ikayaka nyali yofiira ya oyilo, imani pambali ndi kuzimitsa nthawi yomweyo.

Nanga chimene chimaipha n'chiyani, kuti zisadzachitikenso?

Koyilo imatha kufa ndi ukalamba, koma zambiri zimaphedwa ndi oyilo. Injini zimenezi zinapangidwa kuti oyilo asamangofewetsa zitsulo, azigwiranso ntchito yokankha giya, ndipo amadutsa m'tinjira topyapyala kwambiri. Pa 1NZ-FE, Toyota imatchula oyilo wopepuka monga 0W-20 ndi 5W-30. Kwathu kuno kwazika chikhulupiriro choti dziko lotentha limafuna oyilo wolemera, ndipo anthu amathira 20W-50 mu Vitz monga ankachitira ndi magalimoto akale a carburettor. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba injini ikadali yozizira, ndipo camshaft imayankha mochedwa. Tsatirani zimene buku la galimoto yanu likunena.

Choipa kuposa apa ndi kungothirira osasintha. Sienta yonyamula anthu tsiku lonse imaima nthawi yaitali pasiteji injini ikulira, imayenda timaulendo tatifupi, imadutsa m'misewu yafumbi. Mita ya makilomita siiwerenga maola amene injini yalira galimoto ili chiimire, koma oyilo amakhala akupsa. Galimoto yotere imafuna kusintha oyilo ndi fyuluta pafupipafupi, ndipo makilomita 5,000 ndi mlingo wabwino kuutsatira. Oyilo wogulitsidwa m'mabotolo otsegula kale, wosadziwika kumene wachokera, mupeweni ngakhale atatchipa bwanji. Kumbukiraninso kuti galimoto yobwera kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban siibwera ndi umboni wodalirika wa mmene mwini wake wakale ankaisamalirira, choncho oyilo amene yafika naye musinthe isanayambe ntchito.

Ngati mwatulutsa solenoidi n'kuipeza yakuda ndi phala, musaike yatsopano mu oyilo yemweyo. Sinthani oyilo ndi fyuluta tsiku lomwelo, tsukani kasefa, ndipo kusintha kotsatira muchite msanga kuposa nthawi zonse kuti litsiro lotsalira lituluke. Tsiku ndi makilomita muzilembe m'kabuku kosungidwa m'galimoto momwemo.